Mmene mungakhazikitsire mtima pansi madzulo kuti mupeze tulo kuno ku Johannesburg

Ambiri a ife amene tikugwira ntchito kuno ku Joni timafika pakhomo titatheratu, koma tikadzigwetsa pabedi tulo sitibwera. Thupi limakhala litatopa ndi kuima tsiku lonse m'sitolo, kusenza matumba a simenti, kusita zovala za abwana kapena kutchetcha kapinga, pamene mutu ukadali pa mzere wa matakisi ku Bree, pa lendi ya kumapeto kwa mwezi ndi pa uthenga umene wachokera kumudzi. Munthu amatembenukatembenuka mpaka pakati pa usiku, n'kudzuka mbandakucha maso akulemera, ndipo madzulo otsatira zimachitikanso chimodzimodzi. Timalakwitsa poganiza kuti kutopa kokha kutigonetsa. Mphika wa nyemba suleka kubwata nthawi yomweyo mukafumula nkhuni, ndipo mutu umene wakhala ukuthamanga kuyambira m'mawa umafunanso nthawi yake kuti uzizire. Malangizo awa akufotokoza zochita kuyambira pamene mwalowa m'nyumba kufikira pamene mwazimitsa nyale, ndipo ndawalemba poganizira munthu amene akuchita lendi chipinda chimodzi ku Yeoville, Rosettenville, Mayfair kapena Diepsloot, wopanda bafa lalikulu komanso wopanda ndalama zotaya.

## Zimene mufunika kukhala nazo

- Beseni kapena ndowa yoti mapazi onse awiri akwanemo, ketulo, thaulo ndi mafuta odzola.
- Nyale yaing'ono yowala mofiirira, makamaka yotchaja, kuti izigwirabe ntchito magetsi akazima.
- Kope ndi cholembera. Zikhale za pepala, osati za m'foni.
- Tiyi wa rooibos, amene amapezeka m'sitolo iliyonse kuno.
- Bulangete lokwanira, masokosi ogonera ndi botolo la raba lothiramo madzi otentha, za m'miyezi yozizira.
- Katani yokhuthala, kapena chitenje chakuda chopinda pawiri chotchingira pazenera.
- Totsekera m'makutu, ngati mukukhala pafupi ndi msewu kapena malo omwera mowa. Timagulitsidwa m'mafamase monga Clicks ndi Dis-Chem.
- Wotchi yaing'ono ya alamu, ngati mungaipeze, kuti foni isakhale ndi chifukwa chogonera pamtsamiro panu.

Musadikire kuti mukhale nazo zonse. Beseni, kope ndi nyale n'zokwanira kuti muyambe lero lomwe.

## 1. Yambani ndi nthawi yodzuka, kenako werengerani chobwerera m'mbuyo

Munthu wamkulu amafunika kugona maola 7 mpaka 9. Nthawi yodzuka simungaisinthe chifukwa amaiika ndi abwana ndi matakisi, choncho yambirani pamenepo. Ngati mumadzuka 4:30 m'mawa kuti mukakwere takisi yopita ku Randburg kapena Sandton mzere usanatalike, muyenera kukhala mutagona pofika 9:30 usiku, ndipo ntchito yokhazika mtima pansi iyenera kuyamba 8:30. Ikani alamu ya nthawi yoyambirayi. Tonse timaika alamu yodzutsa, koma yokumbutsa kuti tsiku latha ndi imene imasowa, n'chifukwa chake munthu amadzidzimuka kuti yakwana 11 koloko akadali pa Facebook.

Chenjezo: musadalire dzuwa kuti likuuzeni nthawi. Kwathu kutalika kwa usana sikusintha kwambiri, koma kuno mu Juni dzuwa limalowa isanakwane 5:30 madzulo, pamene mu Disembala ndi Januwale kumawalabe mpaka cha m'ma 7 koloko. Wotsata mdima amagonera pampando m'nyengo yozizira, n'kudzuka pakati pa usiku tulo titatha, ndipo m'chilimwe amachedwa kuphika ndi kugona komwe. Tsatani wotchi.

## 2. Mukangolowa, vulani za kuntchito

Vulani yunifomu, ovolosi kapena nsapato za kuntchito musanachite china chilichonse, sambani m'manja ndi kumaso, ndipo valani zovala zomasuka za pakhomo. Za kuntchitozo muziike pamalo amodzi pomwe simungazione muli pabedi. Kenako khalani pansi kwa mphindi 5 ndi kapu ya madzi, foni ikadali m'chikwama. Izi zikuoneka zazing'ono, koma mukamazichita tsiku lililonse motsatana chomwecho, thupi limayamba kuzindikira kuti za kunja zatsala kunja.

## 3. Idyani msanga, ndipo samalani ndi zomwa

Chakudya chamadzulo chidyedwe maola awiri kapena atatu musanagone. Sindikukuuzani kuti musiye nsima, chifukwa kugona ndi njala kumadzutsanso munthu usiku. Vuto limabwera pamene munthu sanadye mokwanira masana, ndiye n'kudya mitanda ikuluikulu ndi ndiwo zamafuta ndi tsabola 9 koloko, n'kugona pomwepo. Mimba imagwira ntchito yaikulu, chilungulira chimakwera mukangogona chagada, ndipo tulo timaduka. Ngati mumafika mochedwa, phikani ndiwo za masiku angapo Lamlungu kuti madzulo muzingotenthetsa, ndipo chakudya chachikulu muzitenga cha masana kuntchito.

Pa zomwa ndi pomwe ambiri amagwa osadziwa. Tiyi wamba, khofi, Coca-Cola ndi zakumwa zopatsa mphamvu za m'zitini zimene zimagulitsidwa pamalo okwerera matakisi zili ndi kafini, mankhwala amene amatchinga tulo. Pakatha maola pafupifupi 5, theka la kafini amene munamwa amakhala akadali m'magazi, kotero kuti chitini chimene mwamwa 5 koloko poweruka chikugwirabe ntchito pamene mukugona. Ufa wa mutu wa Grand-Pa, umene anthu ambiri kuno amaumwa pafupipafupi, ulinso ndi kafini, ndipo munthu amene waumwa madzulo chifukwa cha mutu wa kutopa amadabwa kuti maso akukana kutsinzina. Dziikireni lamulo lakuti ikapitirira 2 koloko masana simukumwanso zimenezi.

Madzulo imwani rooibos. Chitsamba chimenechi chimalimidwa ku mapiri a Cederberg m'chigawo cha Western Cape, ndipo mwachilengedwe mulibe kafini. Thirani shuga pang'ono kapena mkaka, ndipo mumwe kapu imodzi yokha, mutakhala pansi, mwapang'onopang'ono. Mukamwa makapu atatu mudzadzuka kawiri kukataya madzi, ndipo kwa amene chimbudzi chawo chili panja m'mwezi wa Julayi, kutuluka kumodzi kokha kumachotseratu tulo.

## 4. Ikirani nthawi nkhani za kumudzi, kenako tsekani foni

Pano ndi pamene pali povuta, ndipo ndikhalitsapo pang'ono. Foni ya munthu wa ku Joni sipuma. Madzulo ndi pamene mauthenga a WhatsApp amasefukira: fizi ya mwana, feteleza, matenda a agogo, malata amene achoka ndi mphepo, chopereka cha maliro pa gulu la kumudzi. Abale athu sakulakwa, chifukwa iwonso madzulo ndi pamene amapeza mpata, ndipo tinabwera kuno kuti tiwathandize. Koma nkhani ya ndalama imene mwaiwerenga 10 koloko usiku simungaithetse 10 koloko usiku. Mudzangogona nayo, mukuwerengera m'mutu marandi amene mulibe.

Malawi ndi South Africa ali pa nthawi imodzi, choncho n'kosavuta kupangana. Sankhani ola loyankhulana ndi akumudzi, makamaka musanadye kapena mutangotha kudya, ndipo auzeni mwaulemu ndi momveka. Mungathe kunena kuti: "Amayi, ndizikuimbirani 7 koloko madzulo. Ikapitirira 8:30 mauthenga sindiwerenga chifukwa ndimalawirira kuntchito. Koma kukagwa zadzidzidzi, mundiimbire pa nambala kawiri motsatizana, ndidzamva." Kwa amene akupempha thandizo nthawi itatha, yankho likhale lalifupi: "Achimwene, ndamva. Ndikuyankhani mawa masana ndikawerengera bwino." Kuyankha chotero si mwano. Ndalama zimene munthu amalonjeza usiku ali wotopa ndi wogwidwa chisoni nthawi zambiri zimaposa zimene angakwanitse, ndipo lonjezo losakwaniritsidwa limadanitsa pachibale kuposa kupempha kuti adikire mpaka kuche. Akuba a pa foni, amene amanamizira kuti m'bale wanu wagonekedwa m'chipatala kapena wagwidwa ndi apolisi, amadaliranso phuma lomweli, choncho musatumize ndalama pa Mukuru kapena njira ina iliyonse musanamve mawu a munthu amene mukumudziwa.

Alamu ya 8:30 ija ikalira, chitani izi. Zimitsani data. Yatsani Do Not Disturb, njira ya m'foni yoiletsa kulira, n'kuikamo manambala awiri kapena atatu a anthu amene foni yawo iyenera kulira nthawi iliyonse. Lumikizani foni ku tchaja pamalo pomwe simungaifikire muli pabedi, ndipo muiike chafufumimba.

Chenjezo: yesani kaye dongosololi masana. Pemphani mnzanu akuimbireni pa nambala, chifukwa data ikazima kuimba kwa pa WhatsApp sikudutsa. Ngati simunatsimikize kuti za mwadzidzidzi zikufikani, mtima sudzakhazikika ndipo mudzadzukabe kukasuzumira. Musatchajirenso foni pansi pa mtsamiro kapena m'bulangete, chifukwa imatentha ndipo ingathe kuyambitsa moto.

## 5. Tsitsirani za mawa pa pepala

Tsegulani kope lija, ndipo kwa mphindi 5 lembani zonse zimene mutu ukukukumbutsani: kugula mayunitsi a magetsi, kulipira eni nyumba, kufunsa abwana za tchuthi cha Disembala, kupita ku Park Station kukafunsa mtengo wa basi. Pa nkhawa iliyonse lembani chinthu chimodzi chimene mungachite ndi tsiku lochitira. M'malo molemba kuti "ndalama sizikukwana", lembani kuti "Lachisanu ndiwerengere za lendi ndisanatumize za kumudzi". Mutu umabwereza nkhani usiku chifukwa choopa kuiwala, ndipo ukaona kuti yalembedwa umaileka.

Mukatero konzani za m'mawa: zovala, chakudya chonyamula, ndalama ya takisi yosinthasintha kale, ndi mapepala anu. Pomaliza onani chitseko, mazenera ndi mbaula ya gasi kapena ya magetsi kamodzi kokha, ndipo munene mokweza kuti "ndakiya, ndazimitsa". Mumzinda uno kuda nkhawa ndi akuba n'komveka, koma kudzuka katatu kukagwedeza loko kumauza thupi kuti pali ngozi. Makiyi akhale pamalo amodzi odziwika kwa onse a m'nyumba, pomwe mungawapeze mumdima, chifukwa nyumba zambiri kuno zili ndi zitsulo m'mazenera ndipo moto ukabuka potulukira ndi pakhomo pokha.

## 6. Chepetsani kuwala ndi kukonza kutentha kwa chipinda

Zimitsani babu la kudenga ndipo yatsani nyale yaing'ono ija. Kukada, ubongo umatulutsa melatonin, timadzi timene timauza thupi kuti usiku wafika, ndipo kuwala kwamphamvu kumachedwetsa ntchito imeneyi. Tsekani katani kuti magetsi a mumsewu ndi a chitetezo a pabwalo asalowe.

Johannesburg ili pamalo okwera mamita oposa 1,700 pamwamba pa nyanja yamchere, ndipo kuyambira Meyi mpaka Ogasiti usiku kumazizira koopsa, mwina mpaka madzi kuundana panja. Zipinda za kuseri ndi nyumba za malata zimazizira kwambiri. Njira yabwino ndi kufunditsa pogona ndi thupi, osati mpweya wonse wa m'chipinda. Valani masokosi ndi chipewa, yalani bulangete lina pansi panu, ndipo ikani botolo la madzi otentha kumapazi mphindi 15 musanalowe. Pothira m'botololi musagwiritse ntchito madzi amene angowira kumene. Adikireni azizire pang'ono, thirani magawo awiri mwa atatu, finyani pang'onopang'ono kuti mpweya utuluke, tsekani molimba ndipo likulungeni m'nsalu.

Chenjezo lalikulu kuposa onse m'malangizo ano ndi ili: musagone ndi mbaula ya makala m'nyumba, ngakhale makalawo aoneke kuti apsa bwino ndipo utsi watha. Makala amatulutsa mpweya wa carbon monoxide, umene ulibe fungo kapena mtundu, ndipo umapha munthu ali m'tulo. Kusiya zenera lotsegula pang'ono sikokwanira. Itulutseni panja musanayambe kuodzera. Hita ya parafini kapena ya gasi nayonso izimitsidwe, ndipo ya magetsi ikhale kutali ndi mabulangete ndi makatani. Wina akayamba kumva mutu, chizungulire kapena nseru m'chipinda chimene muli mbaula, tulukani nonse msanga ndipo imbani 112 pa foni ya m'manja. Kandulo ndimaikaniza kotheratu pa ntchito yokhazika mtima pansi, ngakhale kuwala kwake kuli kofatsa, chifukwa cholinga chathu n'chakuti musinze, ndipo munthu wosinza sasamala lawi.

M'chilimwe, kuyambira Okutobala mpaka Malichi, vuto ndi kutentha kwa malata. Tsegulani mazenera mukangofika kuti mpweya wotentha utuluke, ndipo mufunde chitenje kapena nsalu yopepuka.

## 7. Viikani mapazi m'madzi ofunda

Ngati muli ndi shawa ya madzi otentha, sambani ola limodzi kapena awiri musanagone. Ngati mulibe, beseni ligwira ntchito yomweyo. Madzi ofunda amatsegula mitsempha ya magazi ya m'mapazi ndi m'manja, kutentha kwa m'kati mwa thupi kumatulukira pakhungu, ndipo kutsika kwa kutenthako ndi chimodzi mwa zizindikiro zimene thupi limadikira kuti ligone. N'chifukwa chake munthu wa mapazi ozizira amachedwa kupeza tulo.

Yambani kuthira madzi ozizira m'beseni, kenako onjezani otentha a m'ketulo pang'onopang'ono, mukuvundula ndi dzanja. Yesani ndi chigongono: akhale ofunda bwino, osawotcha. Madzi afike mu akakolo. Khalani m'mphepete mwa bedi kapena pampando, thaulo lili pamwendo, ndipo lowetsani mapazi kwa mphindi 10. Poyamba mudzamva kuyabwa pang'ono m'zala zimene zakhala zitapanikizika m'nsapato zachitsulo kapena m'magambutsi tsiku lonse, kenako mizere ya masokosi pa akakolo imayamba kufufutika ndipo mapewa amatsika okha. Musachite kanthu kena nthawi imeneyi. Mukatulutsa, pukutani bwino pakati pa zala, tengani mafuta pang'ono ndipo sisitani ndi chala chachikulu kuchokera kuchidendene kupita kuzala, mukulimbikira pakati pa phazi pomwe pamawawa. Mphepo youma ya nyengo yozizira kuno imang'amba zidendene, choncho mafutawo ali ndi ntchito ziwiri. Valani masokosi oyera mapazi akadali ofunda.

Chenjezo: odwala matenda a shuga asamale kwambiri, chifukwa mapazi awo amatha kuchita dzanzi moti sangamve kuti madzi akuwotcha. Ayambe afunsa kukiliniki, ndipo amene ali ndi chilonda kuphazi asaviike konse. Ngati m'nyumba muli ana, ketulo ndi beseni zisasiyidwe pansi popanda woyang'anira.

## 8. Pumani mwadongosolo ndi kumasula minofu

Gonani chagada, dzanja limodzi pamimba. Kokani mpweya ndi mphuno mukuwerenga chamumtima mpaka 4, ndipo dzanja lija likwere limodzi ndi mimba. Tulutsani pang'onopang'ono mukuwerenga mpaka 6. Kutulutsa mpweya motalikirapo kuposa kukoka kumachepetsa kugunda kwa mtima. Bwerezani maulendo 10. Maganizo adzathawira kwina, ndipo zimenezo zisakukwiyitseni; mukazindikira, bwererani pa kuwerenga.

Kenako yendani thupi lonse kuyambira kumapazi. Pindani zala za kumapazi molimba kwa masekondi 5, n'kumasula kwa masekondi 10. Chitani chimodzimodzi ndi akatumba, ntchafu, mimba, zibakera, mapewa, ndipo pomaliza nkhope. Samalani ndi nsagwada, chifukwa anthu amene amameza mawu tsiku lonse pamaso pa abwana ndi makasitomala amagona atalumanitsa mano osadziwa. Lekanitsani mano pang'ono ndipo lilime ligone pansi.

Chenjezo: musakoke mpweya mwamphamvu kapena mofulumira. Mukamva chizungulire, ndiye kuti mukupitirira muyeso, choncho pumani mwachizolowezi kwa kanthawi. Malo amene munavulala kapena amene akutupa musawalimbitse.

## 9. Tsekani tsiku ndi chinthu chimodzi chofatsa

Kwa ambiri a ife chinthu chimenechi ndi pemphero, kuwerenga ndime zochepa za Mawu a Mulungu, kapena swala ya Isha, pemphero la usiku la Asilamu. Ena amakonda nyimbo za kwaya zapansipansi kapena masamba awiri a buku. Sankhani chimodzi ndipo chikhale chomwecho usiku uliwonse. Ngati mukufuna kumva Chichewa m'khutu musanagone, zomwe n'zomveka kwa munthu amene wayankhula Chingerezi ndi Chizulu tsiku lonse, sungani nyimbozo m'foni masana kuti musayatse data, ikani kuti zizime zokha pakatha mphindi 15, ndipo foni ikhalebe kutali. Nkhani za ndale, za mitengo ya zinthu kwathu ndi mavidiyo a chiwawa amene amayenda m'magulu a WhatsApp musamvere kapena kuonera nthawi ino.

## 10. Tulo tikakana

Ngati mwakhala maso kwa mphindi pafupifupi 20 ndipo mtima wayamba kupsa, dzukani. Musayang'ane wotchi, ingoyerekezani. Khalani pampando kapena kumiyendo kwa bedi mutafunda bulangete, yatsani nyale yaing'ono, ndipo werengani kapena bwerezani kupuma kuja mpaka mutayamba kuyasamula, kenako bwererani. Cholinga n'chakuti thupi lisazolowere kuti pabedi ndi malo olimbanirana ndi maganizo. M'mawa dzukani pa nthawi yanu ya masiku onse ngakhale mwagona pang'ono, chifukwa zimenezi n'zimene zidzakugonetseni msanga usiku wotsatira.

## Ngati mumagwira ntchito usiku kapena mumagona ambiri m'chipinda

Alonda ndi ena amene amaweruka 6 koloko m'mawa atsatire ndondomeko yomweyi, kungosintha maola. Siyani khofi maola 5 kapena 6 musanaweruke, valani magalasi a dzuwa pobwerera kunyumba, idyani chakudya chopepuka monga phala, ndipo tchingani zenera mpaka m'chipinda mude ndithu. Auzeninso akumudzi maola anu, chifukwa iwo amaona ngati masana aliyense ali maso.

Ogona atatu kapena anayi m'chipinda chimodzi ayenera kukambirana masana, osati usiku wina atakwiya kale. Panganani ola lozimitsa babu la kudenga, ndipo woyankhula pa foni ikapitirira nthawiyo atuluke kapena alembe uthenga. Nsalu yomanga kumaso ndi totsekera m'makutu zimathandiza, koma m'nyumba mukhale munthu mmodzi amene angamve kugogoda kapena kulira kwa mwana. Makolo ayambe agoneka ana, ndipo ngati nthawi yatsala yochepa, asankhe zitatu zokha: kutseka foni, kuviika mapazi ndi kupuma.

## Zolakwika zimene anthu amachita kawirikawiri

Choyamba ndi kuyesa masiku awiri n'kunena kuti sizikuthandiza. Thupi limaphunzira mwa kubwereza, choncho dzipatseni milungu iwiri kapena itatu mukuchita zomwezo motsatana chimodzimodzi musanaweruze. Chofanana nacho ndi kufuna kuchita zonse bwinobwino usiku woyamba mpaka kumada nkhawa kuti mwadumpha china. Mukadumpha, pitirirani ndi chotsatira.

Mowa umanyenga anthu ambiri. N'zoona kuti mabotolo awiri amagonetsa msanga, koma mowa ukayamba kutha m'magazi tulo timakhala topepuka, munthu amadzuka cha m'ma 2 koloko ali ndi ludzu, ndipo amalizanso mkonono kwambiri. Fodya nayenso ali ndi nikotini amene amagalamutsa thupi, ngakhale wosuta amamva ngati mtima wakhala pansi.

Ena amagona mpaka masana Lamlungu pofuna kubweza tulo ta mlungu wonse, ndiye usiku wake maso amakhala gwa, ndipo Lolemba limayamba moipa. Onjezani ola limodzi lokha, ndipo ngati mukufuna kugona masana, zisapitirire mphindi 30 komanso zichitike isanakwane 3 koloko.

Kudyera, kuonera mafilimu ndi kuwerengera ndalama pabedi ndi chizolowezi chovuta kuchipewa m'chipinda chimodzi, komabe mpando umodzi kapena kreti ya pulasitiki yokhalira ingakupatseni malo ena ochitira zimenezi. Onaninso matiresi anu. Ngati mukudzuka ndi zotupa zoyabwa zondandalikana pamkono, fufuzani nsikidzi m'misoko ya matiresi, chifukwa palibe kupuma kwadongosolo kumene kungagonetse munthu amene akulumidwa.

Musagule mapiritsi ogonetsa mumsewu kapena kubwereka a mnzanu, ndipo musawaphatikize ndi mowa. Ena mwa mapiritsi amenewa amazolowereka msanga moti munthu sagonanso popanda iwo. Mankhwala ena olembedwa ndi dokotala, kuphatikizapo ma ARV ena, amatha kusokoneza tulo kapena kubweretsa maloto oopsa. Zikatero musasiye kumwa, koma kafunseni namwino ngati n'kotheka kusintha nthawi yomwera.

Cholakwika chomaliza ndi kupirira nthawi yaitali vuto limene likufuna achipatala. Pitani kukiliniki ngati mukulephera kugona mausiku atatu kapena kuposerapo pa mlungu kwa miyezi itatu, ngati amene mumagona nawo akuti mumaliza mkonono n'kumabanika ngati mwasiya kupuma, ngati mumasinza poyendetsa galimoto kapena pogwiritsa ntchito makina, kapena ngati tulo tinathawa kuyambira pamene munaberedwa, kumenyedwa kapena kuferedwa. Tengani kope lija, mutalembamo nthawi imene mumagona ndi kudzuka kwa mlungu umodzi komanso zonse zimene mumamwa, kuti namwino aone poyambira. Ngati kusowa tulo kukubwera limodzi ndi kutaya mtima kapena maganizo ofuna kudzipha, musadikire kuti kuche: dzutsani munthu amene muli naye pafupi, ndipo imbani nambala yaulere ya bungwe lothandiza ovutika maganizo la SADAG, 0800 567 567, imene imayankhidwa usana ndi usiku.